Safunsa Adadya Phula: Zimene Tidaphunzira ku Zanzibar



M'masiku omaliza a mwezi wa Ramadhan m'chaka cha 2024, Allah adatipatsa mwayi wokacheza pa chilumba cha Zanzibar m'dziko la Tanzania. Tidalipo anthu atatu, bambo, mayi ndi mwana wathu wamkazi wa zaka 13. Adatiitana ndi mphwathu amene wakhala akugwira ntchito kumeneko kwa zaka zingapo, ndipo cholinga chake chidali choti tikathokoze banja limene lidamulandira ngati mwana wawo. Anthu ambiri akabwerako ku ulendo wotere amasimba za nyanja, za nyumba zakale ndi za mitengo ya katundu. Ife tabwerako ndi nkhani ya zitumbuwa ndi nyimbo, ndipo tikupempha kuti musaipepuse musanaimve, poti idatsala pang'ono kutichotsa pakhomo pa eni ake titanyamula manyazi.

Njira imene mau adayenda

Tidatulukira pa chipata cha Songwe m'boma la Karonga, n'kudutsa ku Mbeya, Iringa ndi Morogoro. Pa nkhalango ya Mikumi msewu umapyola pakati penipeni pa malo a nyama, kotero kuti mwana wathu adaona mbidzi ndi akadyansonga ali m'basi momwemo. Kuchokera ku Dar es Salaam tidakwera sitima ya pamadzi imene idatenga maola pafupifupi awiri.

Tili m'sitimamo tidakumbutsana kuti pakati pa gombe limeneli ndi nyanja yathu pakhala pakuyenda anthu kuyambira kale. Ayao ankapita ndi minyanga ku Kilwa, ndipo cha m'ma 1840 Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, adakhazikika ku Nkhotakota. Chisilamu chidatipeza kudzera m'njira zimenezi, koma sitingabise kuti njira zomwezo zidapititsanso abale athu ochuluka ku ukapolo. Msika wa akapolo wa ku Mkunazini, m'tauni ya Zanzibar, udatsekedwa m'chaka cha 1873, ndipo mpaka lero pachilumbapo pali mabanja amene amadziwa kuti makolo awo adali Anyasa kapena Ayao. Tsono kumene kwayenda anthu, mau nawonso amayenda, koma sakafika monga adanyamukira.

Izi tidaziona titangotsika pa doko. Mvula idali kugwa ya mkokomo, ndipo mphwathu potilandira adati, "Amalume, pepani, mwabwera nthawi ya masika." Ife tidadabwa kuti munthu angapepese bwanji chifukwa cha masika, nyengo ya maungu ndi chimanga chatsopano. Adatifotokozera kuti pa Chiswahili masika ndi mvula yaikulu imene imagwa kuyambira mu March mpaka mu May. Miyezi yake ndi yomweyo, dzina ndi lomwelo, koma kwathu tikututa pamene iwo akubisala m'makonde.

Dzina limodzi, zakudya zitatu

Tidafikira ku Ng'ambo, mbali ya tauni imene kale inkalekanitsidwa ndi tauni ya miyala ndi khwawa la madzi a m'nyanja lomwe pambuyo pake adalikwirira. M'malire a mbali ziwirizi muli msika wa Darajani, umene udatsegulidwa m'chaka cha 1904. Mwezi wa Ramadhan, ikangotha swala ya Asr, misewu yozungulira msikawo imadzaza ndi mathebulo a zakudya zofuturira, ndipo apa mpamene sukulu yathu idayambira.

Mwana wathu adamva mayi wina akuitanira vitumbua, ndipo adakondwa kuti wapeza zakwawo. Koma pofuturu atangoluma adatiyang'ana n'kunena kuti, "Amayi, mulibe nthochi umu." Adanena zoona. Kwathu chitumbuwa ndi nthochi zakupsa zosinja pamodzi ndi ufa wa chimanga, n'kukazinga m'mafuta. Ku Zanzibar amanyika mpunga, kuupera, kuusakaniza ndi msuzi wa kokonati umene amautcha tui, kuthiramo shuga, yisiti ndi timbewu tonunkhira totchedwa iliki. Phalalo likafufuma amalithira m'chiwaya chokhala ndi maenje ozungulira, n'kumatembenuza ndi kamtengo. Mkati mwake mumakhala moyera ndi mofewa ngati thonje. Amene adafikako ku Chipata kapena ku Lusaka akudziwanso kuti ku Zambia vitumbuwa ndi za ufa wa tirigu, zofanana ndi mandasi athu. Choncho munthu wa ku Zomba, wa ku Chipata ndi wa ku Zanzibar atatuma mwana mmodzi kukagula zitumbuwa, awiri a iwo angamukalipire mwanayo popanda chifukwa.

Mandasi nawo ali ndi nkhani yawo. Ku Zanzibar amati maandazi, koma mlendo wina wochokera ku Mombasa amene tidafuturu naye adaumirira kuti akathiramo tui, iliki ndi yisiti, n'kutuluka a ngodya zitatu ndi a mphako mkati, dzina lake ndi mahamri, ndipo ayenera kudyedwa m'mawa ndi nandolo wophika mu tui. Eni nyumba adangoseka nati anthu a ku Mombasa amakonda kupatsa chinthu chimodzi maina awiri. Mkanganowo udapitirira pa mkate wa mpunga wophika m'chiwaya chachikulu, umene eni nyumba ankauti mkate wa kumimina, mlendo uja n'kumati mkate wa sinia. Ife tidalowererapo kuti asadandaule, poti nafenso kwathu chakudya chimodzi ena amati chigumu, ena chikondamoyo, ena chimimina. Atamva dzina lomalizali adaombera m'manja, chifukwa kumimina pa Chiswahili ndi kutsanulira.

Tsiku lina mayi a mwana wathu adapempha mbatata kuti aphikire eni nyumba futali. Adawabweretsera kachewere, poti kumeneko mbatata ndi imene ife timati mbatatesi, ndipo yathu yotsekemera amati viazi vitamu. Atatchula futali padabukanso chisokonezo china, chifukwa futari kwa iwo ndi chakudya chonse chimene chayalidwa pamphasa dzuwa likalowa. Komabe futali wathu wa nsinjiro adaphikidwa, ndipo mbale idabwerako yoyera.

Chimene chidatikoka mtima koposa ndi kaimati, timipira ta ufa wa tirigu tokazinga n'kutiviika m'madzi a shuga owiritsa mpaka kulendera. Dzinali lidachokera ku liu la Chiarabu lakuti luqaimat, kutanthauza timbamu ting'onoting'ono, ndipo ndi m'mene amazitchulira ku Oman ndi maiko oyandikana nawo. Ku Egypt amati luqmat al-qadi, mbamu ya woweruza milandu, dzina limene likupezeka kale m'buku la zophikaphika lolembedwa ku Baghdad m'chaka cha 1226. Ku Syria ndi ku Lebanon amati awameh, chifukwa timayandama pamwamba pa mafuta, pamene ku Turkey amati lokma. Apa tsono zidatembenuka: chakudya chimodzi, maina ambirimbiri. Tidaphunzira kuti dzina lokha silingakuuze chimene chili m'mbale. Uyenera kufunsa wophika.

Nyimbo ya m'khitchini

Idi ku Zanzibar amaikondwerera masiku anayi, ndipo madzulo mabanja amapita ndi ana pa bwalo la Mnazi Mmoja atavala zatsopano. Pa tsiku lachiwiri pakhomo pamene tidafikira ankayembekezera alendo ambiri, choncho amayi onse adasonkhana kuseri kwa nyumba kukazinga kaimati ndi kudula kashata, chakudya cha shuga ndi mtedza kapena kokonati chimene amamwera khofi.

Tiyenera kufotokoza kuti bambo a pakhomopo ali pa mitala. Akazi awo awiri adakhala nthawi yaitali osayankhulana, ndipo adali atangoyanjanitsidwa m'mwezi wa Ramadhan womwewo ndi apongozi awo, gogo wina wa nzeru amene aliyense ankamutchula kuti Bibi. Tsiku limeneli lidali loyamba kuti awiriwa aphike pa moto umodzi. Ife zonsezi sitinkazidziwa.

Mwana wathu adapatsidwa ntchito yoviika kaimati m'madzi a shuga, ndipo adakhala pafupi ndi mayi wamng'ono. Pofuna kuonetsa kuti nayenso Chiswahili akuchitola, adayamba kuimba kanyimbo kamene adakamva pa foni tidakali ku Malawi. Mau amene ankawazindikira m'nyimbomo adali a kuphika, a mphika ndi a kutsekemera, kotero iye adaganiza kuti palibe nyimbo yoyenera m'khitchini kuposa imeneyo. Atsikana awiri adaseka n'kubisa nkhope m'nsalu. Mayi wamkulu adaika chipande pansi, napukuta manja, n'kulowa m'nyumba osanena kanthu. Mafuta adapitiriza kuwira pamoto popanda wowayang'anira.

Mphwathu ataitanidwa n'kumva nyimboyo adagwira pamutu. "Azakhali," adatero motsitsa mau, "nyimbo imeneyi si ya zophika ayi. Ndi mkazi amene akunyogodola mkazi mnzake kuti mwamuna wathawa mphika wake chifukwa kwina akudya zokoma." Mayi wamkulu adaganiza kuti mwanayo wachita kutumidwa ndi mayi wamng'ono. Mtendere umene udamangidwa mwezi wathunthu udagwedezeka ndi mwana wa alendo amene sankadziwa chimene akunena. Aswahili zinthu zikaonongeka chotere amati chitumbuwa chalowa mchenga, ndipo tsiku limenelo mchengawo tidathira ndife.

Fumbo ndi mwini wake

Bibi ndiye adakonza zinthu. Adaitana mwana wathu, namufunsa kudzera mwa mphwathu kuti afotokoze tanthauzo la mau aliwonse amene adaimba, mayi wamkulu akumvera kuseri kwa chitseko. Mwanayo misozi ili m'maso adayankha kuti ndi nyimbo ya mayi wodziwa kuphika. Atafunsidwa kuti adamuphunzitsa ndani, adati palibe, adangoimva pa foni. Bibi adaseka mpaka kutsokomola, ndipo patapita kanthawi tidamva kuseka kwina kuchokera kuseri kwa chitseko kuja. Ife makolo tidapepesa kwa amayi onse awiri, poti kulakwa kudali kwathu: foni tidagula ndife, nyimboyo tidaimvapo kangapo m'nyumba mwathu, koma sitidafunsepo kuti ikunena chiyani.

Usiku umenewo tili pakhonde, Bibi ndi akuluakulu ena adatiphunzitsa za nyimbo zawo zotchedwa taarab. Dzinali lidachokera ku liu la Chiarabu lonena za kugwidwa mtima ndi nyimbo. Mbiri imati Sultan Barghash, amene adalamulira kuyambira 1870 mpaka 1888, ndiye adabweretsa maimbidwe amenewa kunyumba yachifumu potengera a ku Egypt. Gulu la Ikhwani Safaa lidayamba m'chaka cha 1905. Koma amene adazitulutsa nyimbozi m'nyumba za olemera n'kuzipereka kwa anthu wamba ndi Siti binti Saad, mayi wa m'mudzi wa Fumba amene poyamba ankaumba ndi kugulitsa miphika. Iye ankaimba m'Chiswahili, ndipo m'chaka cha 1928 adapita ku Bombay kukajambulitsa nyimbo zake pa mbale za galamafoni. Adamwalira m'chaka cha 1950.

Mtima wa taarab, adatero akuluakuluwo, ndi fumbo, kapena kuti mau ophiphiritsa. Woimba amatchula duwa, mbalame, chipatso kapena chakudya, koma akunena za munthu. Fumbo lili ndi ntchito yabwino, chifukwa limalola wofooka kudzudzula wamphamvu popanda kugwidwa pakamwa. Siti adaimba nyimbo yotchedwa Kijiti, yodandaula za mayi amene adaphedwa, wakuphayo n'kuthawa, bwalo la atsamunda n'kupereka chilango kwa ena. Anthu a ku Ng'ambo amene sakadatha kutsutsa woweruza pamaso adapeza pakamwa pawo m'nyimboyo.

Tidafunsa za nyimbo ina yakale yotchedwa Muhogo wa Jang'ombe, kutanthauza chinangwa cha ku Jang'ombe, imene adaitchukitsanso Bi Kidude, mayi amene adaimba mpaka ukalamba wake ndipo adamwalira m'chaka cha 2013. Jang'ombe ndi dera la m'tauni momwemo, ndipo tidadutsako osaona munda wa chinangwa. Mkulu woyamba adati ndi chenjezo kwa munthu wotamanda chinthu asanachilawe. Wachiwiri adati ndi langizo loti usanyoze amene udzawafunenso mawa. Wachitatu adayang'ana kumene kudakhala ana nati adzatiyankha tsiku lina. Onse atatu adagwirizana pa chinthu chimodzi chokha, chakuti nyimboyo sikunena za chinangwa.

M'zaka za m'ma 1990 kudabwera mtundu wina wa taarab wotchedwa mipasho, umene magulu a ku Dar es Salaam monga TOT ndi Muungano adapikisana nawo kwambiri, ndipo Khadija Kopa adatchuka nawo zedi. M'menemo fumbo lidayamba kuonda, mau n'kumalasa poyera. Pa zisangalalo mayi amatha kunyamuka kukafupa woimba pa mzere umene waufuna, ndalama ili m'mwamba, maso ali kwa amene akukangana naye, ndipo aliyense pabwalopo amadziwa kumene muvi walunjika. Ngakhale nsalu zawo zotchedwa kanga zimakhala ndi mau olembedwa m'mphepete, ndipo mayi amatha kuyankha mnzake pongovala nsalu n'kudutsa pakhomo pake. Bibi adatichenjeza kuti tisagulire munthu kanga tisanapeze wotiwerengera.

Nyimbo za achinyamata za Bongo Flava, zimene zimamveka m'maminibasi ndi m'maukwati kwathu kuno, zidayamwa bere lomweli. Zuchu, amene nyimbo yake yotchedwa Sukari idatuluka m'chaka cha 2021, ndi mwana wa Khadija Kopa, ndipo palibe Mswahili wamkulu amene amaganiza kuti shuga wotchulidwayo ndi wothira mu tiyi. M'mwezi wa November 2018 bungwe loyang'anira za luso ku Tanzania la BASATA lidaletsa nyimbo ya Rayvanny ndi Diamond Platnumz yotchedwa Mwanza, chifukwa dzina la dera lina la mumzinda wa Mwanza lidaimbidwa mwa njira yoti limveke ngati liu lolaula. Eni chiyankhulo adamva msanga n'kuiletsa. Nanga mwana wa ku Malawi, amene Mwanza amene amamudziwa ndi wa manachesi, akadamva chiyani?

Tisaloze chala kutali

Pobwerera tidakambirana kuti sitiyenera kudabwa ngati kuti zophiphiritsa ndi za Aswahili okha. Amayi athu pamtondo ankaimba za nkhuku, za ndiwo ndi za mvula, koma mwamuna waulesi, apongozi ovuta ndi mkazi mnzawo ankamva bwino lomwe kuti musi ukusinja yani. Kusiyana kwake n'kwakuti mtsikana wa pamtondo ankaphunzira nyimbo pamodzi ndi tanthauzo lake kuchokera kwa azakhali ake, ndipo ankadziwa pamene ayenera kutseka pakamwa. Mwana wa lero amalandira nyimbo pa foni m'Chiswahili, m'Chingerezi, m'Chihindi ngakhale m'ziyankhulo za ku Nigeria, popanda womumasulira.

Za chilamulo cha nyimbo ndi zoimbira m'Chisilamu tikusiyira masheikh athu, amene ndiwo eni ake a nkhani imeneyo. Chathu n'chakuti Qur'an yolemekezeka, mu Surat Al-Hujurat, imatiletsa kunyozana, kupatsana maina achipongwe ndi miseche, ndipo mau onyoza sasanduka abwino chifukwa choti aikidwa m'nyimbo yokoma kapena m'chiyankhulo chimene sitikuchimva. Surah yomweyo imatiphunzitsa kuti Allah adatilenga mitundu yosiyanasiyana kuti tidziwane. Kudziwana kumeneko n'kumene kudatichititsa kuseka pa nkhani ya mbatata ndi masika, ndipo kusowa kwake n'kumene kudaliza mwana wathu.

Kulanda foni kokha sikuthandiza, poti nyimboyo akaimva kwa anzake. Chimene tayamba kuchita m'nyumba mwathu n'chophweka. Mwana akamang'ung'udza nyimbo yachilendo timamufunsa modekha kuti ikunena chiyani. Akapanda kudziwa timafufuza limodzi, ndipo odziwa Chiswahili sasowa m'mizikiti yathu, makamaka ku Nkhotakota, ku Karonga ndi ku Mangochi. Kawirikawiri mwana akamva tanthauzo lake amaisiya yekha, ndipo nthawi zina timapeza kuti nyimboyo ndi ya malangizo abwino, ife makolo n'kuphunzirapo.

Haluwa ya kutsazikana

Tsiku loti tinyamuka mawa lake, amayi awiri aja adatiitana pamphasa imodzi natipatsa haluwa ndi khofi wowawa wa m'timakapu topanda zogwirira. Haluwa ya ku Zanzibar idachokera ku Oman. Amaiphika ndi shuga, mafuta a mkaka otchedwa samli, iliki ndi ufa wosalala umene iwo amautcha wanga, ndipo amuna amphamvu amaitakasa maola angapo mumphika waukulu mpaka italimba ngati utomoni wofiirira. Siisowa pa nikah, ndipo amaipereka kwa mlendo amene amulemekeza. Nayonso dzina lake ndi lonyenga, poti kwa Amwenye halwa ikhoza kukhala ya ufa wa tirigu kapena ya karoti, pamene ku Egypt ndi ya chitowe.

Mayi wamkulu adatenga kachidutswa ndi dzanja lake n'kupatsa mwana wathu. Mwanayo asanalandire adafunsa m'Chiswahili chake chothyokathyoka kuti muli chiyani m'menemo. Onse adaseka, ndipo Bibi adati mwanayu tsopano waphunzira. Tidawauza mwambi wathu wakuti safunsa adadya phula, mphwathu n'kuwamasulira, ndipo Bibi adapempha kuti tiubwereze kawiri kuti ausunge.

Makolo anzathu, palibe mwa ife amene angalole mwana wake kudya chinthu pamsika wachilendo asanafunse ngati chili halal. Tiyeni tichite chimodzimodzi ndi zimene zikulowa m'makutu mwawo ndi kutuluka pakamwa pawo. Tikupempha Allah kuti adalitse banja limene lidatisunga, alimbitse mtendere wa pakhomo pawo, ndipo atipatse ife tonse lilime lodziwa chimene likunena. Ameen.